Denga ndi Langa

"Bwerezanso, Pokuaa. Ndati bwerezanso ndimve bwino."

"Ndanena kuti malata ndigula ndine, achemwali. Cholakwika n'chiyani pamenepa?"

Ndinaika munsi pansi. Fufu, nsima yathu yosinja ya chinangwa ndi nthochi, anali asanasalale mumtondo, koma manja anga anakana kupitiriza. Mng'ono wangayo anali atakhala pampando umene anayamba wayalapo kansalu, ngati kuti sanakulire pafumbi lomweli. Anafika m'mawa womwewo kuchokera ku Kumasi, kumene ali ndi sitolo ya nsalu, ndipo mafuta ake onunkhira anali atagonjetsa kale utsi wa pabwalo pathu.

"Maziko ndiwe," ndinatero ndikupinda zala. "Mabuloko ndiwe. Mawindo ndiwe. Mapaso ndiwe. Lero malatanso ndiwe. Nanga ine pa nyumba ya amayi ndidzakhala chiyani? Mbuzi yodzagona pakhonde?"

"Inu mumawasamala amayi. Imeneyo si ntchito yochepa."

"Kusamala kumaoneka pamsewu? Unamvapo munthu ali m'galimoto akuloza kuti taonani matewera amene Dufie anachapa?"

"Amayi savala matewera, achemwali, musawanyoze."

"Usandiphunzitse za amayi iwe. Umawaona kangati pachaka?"

Nyumba imene tinkakanganirayo inali tsidya la bwalo lomwelo, ikutiyang'ana ndi mawindo opanda magalasi. Zipinda zinayi ndi pabalaza. Inatenga zaka zitatu kuti makoma afike pamwamba, chifukwa simenti inkakwera mtengo ngati ili ndi mapiko, ndipo mmisiri ankati akamanga mwezi umodzi amasowa miyezi itatu. Mapaso anali atakhomedwa kale, akuda ndi dzuwa. Mudzi wonse unkaitchula kuti nyumba ya Pokuaa. Ngakhale ana ankati akatumidwa kudzagula mafuta kwa ine, ankauzidwa kuti mukakhote pa nyumba ya Pokuaa. Ine mwana woyamba, amene ndimayenga mafuta ofiira a kanjedza pabwalo pomwepa chaka ndi chaka, ndinasanduka munthu wopezeka kuseri kwa nyumba ya mng'ono wanga. Zinkandipweteka, sindibisa.

"Tsiku loyala maziko ndinanena pamaso pa amalume kuti denga ndi langa," ndinatero. "Unaombera m'manja iweyo."

"Ndinaombadi. Koma papita zaka zitatu. Chaka chatha munati tidikire mbewu ya koko ikololedwe. Pa Khirisimasi munati tidikire mafuta akwere mtengo. Mafuta akwera, malata nawo akwera kuposa mafutawo. Mukuthamangitsa galimoto ndi miyendo, achemwali. Pakufunika malata makumi asanu ndi limodzi. Muli ndi ya angati?"

"Si nkhani yako."

"Ndi nkhani yanga. Taonani kumwambaku. Mvula ili pakhomo, ndipo chipinda chimene akugona amayi chili ngati sefa."

Chitseko cha nyumba yakale chinalira, amayi natuluka atagwira khoma. Anayamba atsokomola kaye, chifuwa chija chinawayamba nthawi ya mphepo yafumbi, kenaka anatiyang'ana tonse awiri.

"Kodi mwasowa chokangana? Anthu akale anati mutu umodzi susenza denga, inu mukufuna kuwatsutsa pa denga lenilenilo? Ine ndikufuna pogona posadontha. Kaya malata agula Pokuaa, kaya agula Dufie, kaya agula Satana, ine ndigona."

"Mwamva, achemwali?" Pokuaa anaimirira n'kukutumula kansalu kake. "Ndalankhula kale ndi a Kwarteng akalipentala. Lole ibwera Lachisanu. Inu ndalama yanuyo kamalizireni maziko anu aja kumtunda. Ndadutsako m'mawa, m'chipinda chanu chogona mwamera chinangwa."

Ananena akuseka, ndipo amayi nawo anaseka pang'ono. Kuseka kwa amayiko n'kumene kunandimaliza. Maziko amenewo ndinawayala zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, Pokuaa asanaganize n'komwe zomanga, ndipo chinangwacho ndinabzala ndine kuti malowo asaoneke ngati bwinja.

"Ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame," ndinamuuza. Iye anangokweza mapewa n'kupita kukatsanzika amayi.

M'mawa mwake, dzuwa litatuluka bwinobwino, nthawi imene amayi a m'mudzi amadutsa pathu popita kumjigo, ndinatenga dzira ndi botolo la shinapu, mowa uja timathirira makolo pansi. Ndinavula nsapato, n'kuima pakhomo pa nyumba yatsopano. Ine ndimaimba kwaya kutchalitchi, koma tsiku limenelo sindinaitane Yesu. Ndinaitana Aworo, mtsinje wa kumunsi kwa mudzi wathu, umene sumva kuti pepani.

"Aworo, imwani mowa uwu. Aliyense amene adzakhome lata pa nyumba iyi, lata limene sindinagule ine Dufie ndi thukuta langa, mumuone ndinu."

Ndinaphwanya dzira pamwala wa pakhomo. Zidebe zinaima pamsewu. Mayi wina anagwira pakamwa, wina anatembenuka n'kubwerera kwawo osatunganso madzi. Dzuwa lisanafike pamutu, mudzi wonse unali utamva.

Lachisanu lole inabweradi, Pokuaa atakhala kutsogolo. Malata ake anali obiriwira, aatali, onyezimira mpaka m'maso kuwawa. Ndinkatakasa mafuta pamoto ngati sindikuona, koma ndinawaona onse, ndipo mtima unkandiuza kuti ine otero sindikanawakwanitsa. A Kwarteng anabwera opanda makwerero, opanda hamala, manja ali kumbuyo.

"Bwanji a Kwarteng, anyamata anu ali kuti?" anafunsa Pokuaa.

"Mayi, ine ndili ndi ana asanu."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti pamwamba apo sindikwera. Achemwali anu aitanira mtsinje."

Pokuaa anandiyang'ana, ine ndinayang'ana mumphika.

"Inu a Kwarteng, si ndinu mkulu wa mpingo? Mukuopa dzira?"

"Lamlungu ndine mkulu wa mpingo, mayi. Lero ndi Lachisanu, ndipo pamwamba apo m'patali ndi pansi."

"Ndikuwonjezerani ndalama."

"Wonjezerani, akadzagulire mkazi wanga nsalu yakuda."

Anayesa akalipentala a mudzi woyandikana nawo. Nkhani inali itafika kale kumeneko. Madzulo lole inatembenuka ndi malata ake onse, n'kulowera ku Kumasi. Ndikanena zoona, pamene inkazimiririka pamsewu mtima wanga unazizira bwino, ngati munthu wamwa madzi a mumtsuko. Usiku umenewo ndinadya fufu wambiri.

Amalume a Gyamfi, mlongo wawo wa amayi amenenso ndi mutu wa banja lathu, anandiitana Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Ndinawapeza akusenda lalanje pansi pa mtengo.

"Dufie, wamwa chiyani?"

"Sindinamwe kanthu, amalume."

"Bola ukanamwa, tikanati ndi mowa. Mtsinje saitanira pa nkhani ya malata. Ukudziwa chimene chifunika kuti mawu aja abwezedwe?"

"Ndikudziwa."

"Nkhosa ndipereka ndine. Mowa ndipereka ndine. Iwe chako n'kungoima m'madzi pamaso pa anthu, n'kunena kuti ndinalakwa, ndinalankhula ndi mtima woipa. Basi. Mawa lomwe lino malata akwera."

"Ndiime m'madzi mudzi wonse ukundiyang'ana, Pokuaa ali pamtunda ndi nsapato zake zoyera?"

"Manyazi sapha, mwana wa mlongo wanga. Chifuwa chimapha."

"Amalume, chibadwire changa chilipo chimene chimatchedwa ndi dzina langa? Sukulu munatumiza Pokuaa, ine munati ndithandize amayi kumunda. Pamaliro a bambo anthu ankafunsa kuti wa ku Kumasi uja wafika? Ine ndinali pamoto masiku atatu. Ndipatseni milungu isanu ndi umodzi. Denga lokhali, amalume. Anthu adzati pansi ndi Pokuaa, pamwamba ndi Dufie."

Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kulavula nthanga ya lalanje.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu," anatero. "Pita."

Lachiwiri ndinakwera galimoto kupita kutawuni ya Konongo, ndalama nditaimanga m'chiuno. Ndinali nditawerengera kuti ikwana malata makumi awiri ndi asanu. Mwini sitolo anaseka ndisanamalize kulankhula.

"Umenewo ndi mtengo wa mwezi watha, mayi."

"Mwezi watha ndi dzana lomweli. Malatawa adya chiyani kuti anenepe chonchi?"

"Ndi dola, mayi. Dola yakwera."

"Ine dola sindinaionepo. Ikundidziwa bwanji?"

"Imakudziwani bwino. Mukabwera sabata yamawa mudzapeza yakweranso."

Ndinabwerako ndi malata makumi awiri, opepuka, oyera, a mtundu wotsika. Ndinawalowetsa m'chipinda changa n'kuwaimika kukhoma. A Kwarteng anabwera tsiku lomwelo osaitanidwa, anawagogoda ndi chala, n'kuwawerenga.

"Awa akwana chipinda cha amayi anu ndi kakhonde," anatero. "Ndi anu, mtsinje sungadandaule. Mawa ndibwera ndi anyamata, madzulo amayi agona pouma. Kwinako tidzamaliza mukapeza."

"Ayi."

"Ayi chiyani?"

"Nyumba yofolera theka ngati mutu wometa mbali imodzi? Aliyense wodutsa pamsewu aziloza kuti apo ndi pamene mphamvu za Dufie zinathera. Malata a Pokuaa anawaona, lole yodzaza. Ine ndikhoma onse tsiku limodzi."

"Mayi, mvula sidziwa kuti pali mpikisano."

"Ndamva, a Kwarteng. Ndidzakuitanani."

Anapukusa mutu n'kutuluka.

Mvula inayamba Lachinayi la sabata yomweyo, ndipo sinabwere mocheza. Inagwa masiku anayi osapuma. Nyumba yakale, imene anamanga agogo athu ndi dothi, inkadontha paliponse. Ndinasuntha bedi la amayi kanayi. Ndinaika mabeseni, mapoto, ngakhale mtondo. Ndinawapititsa m'chipinda changa, koma namonso munali chimodzimodzi, madzi akuyenderera pa malata anga atsopano amene anaima kukhoma. Zofunda zonse zinali zachinyezi, ndipo panalibe dzuwa loziyanika. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Pokuaa ankaimba foni tsiku lililonse kuti amayi apite ku Kumasi. Amayi ankakana.

"Ndikakhale m'nyumba ya mkamwini, pamwamba pa anthu ena, ngati nkhunda? Ndili ndi kwathu ine."

Tsiku lachisanu chiyambire mvulayo, masana, ndinawaphikira msuzi wa tsabola wambiri kuti chifuwa chimasuke. Anamwa masipuni atatu, n'kukankha mbale.

"Takhala apa, Dufie."

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi. Dzanja lawo linali lotentha.

"Mng'ono wako anakulakwira chiyani?"

"Palibe."

"Nanga ine?"

Mawu anangotuluka okha.

"Mumamukonda iyeyo, amayi. Akabwera mumavala nsalu yatsopano. Akakupatsani sopo mumaonetsa mudzi wonse. Ine ndimakupatsani chakudya katatu patsiku, simunanenepo kwa munthu. Tsiku lija anandiseka za chinangwa, inunso munaseka."

Amayi anatsokomola nthawi yaitali, ndinawagwira msana mpaka zitadutsa.

"Ndinaseka, eya. Ndinalakwa. Koma tamvera, chitsiru cha mwana iwe. Unamuonapo munthu akuyenda m'mudzi kutama mkono wake? Mlendo ndiye timamuyalira mphasa. Pokuaa ndimamutama kuti asaiwale njira ya kuno. Iwe ndikutame kuti upite kuti?"

Ndinalira. Zaka makumi asanu ndinali ndisanamvepo mawu otero kuchokera pakamwa pawo.

"Auze a Kwarteng akhome amene alipowo," anatero. "Ndazizidwa, mwana wanga."

"Ndiwauza, amayi."

Ndinanena ndi mtima wonse. Koma m'mawa mwake kunacha bwino, dzuwa linawala, ndipo amayi anadya nthochi ziwiri zophika n'kukhala panja pang'ono. Tsiku lomwelo mayi wina wa ku Konongo anatumiza uthenga kuti akufuna zigubu zisanu ndi chimodzi za mafuta pakutha pa milungu iwiri. Ndinawerengera mumtima kuti pamenepo pakhoza kutuluka malata ena khumi ndi asanu, ndipo otsalawo mwina mwini sitolo akhoza kundimvera chisoni. Milungu iwiri yokha. Ndinayanika zofunda, n'kuyatsa moto wa mafuta. Kwa a Kwarteng sindinapite.

Mvula inabweranso Lachitatu, yoposa yoyamba ija. Lachisanu amayi ankapuma ngati munthu wokwera phiri, ndipo sankandizindikira. Tinawanyamula pa galimoto yonyamula koko kupita kuchipatala. Adokotala anati ndi chibayo, n'kufunsa kuti agogowa amagona potani. Pokuaa anafika Loweruka madzulo, anawapeza akadali ndi mpweya. Lamlungu m'mawa, mabelu a tchalitchi akulira, amayi anatisiya.

Kwathu kuno maliro sathamangira. Thupi limakhala mufiriji kuchipatala mpaka banja litakonzeka, ndipo munthu wamkulu ngati amayi sagonekedwa m'nyumba yodontha alendo akuona. Tsiku lachisanu ndi chitatu chimwalirire amayi, banja lonse linasonkhana pabwalo pathu, titavala zakuda, kuti tigwirizane tsiku loika. Amalume anaimirira atakoleka nsalu paphewa.

"Mlongo wanga agonekedwa m'nyumba yatsopano," anatero. "Kubwera anthu a ku Kumasi, kubwera akuchimuna, sitingawaonetse bwinja ili. Denga likwere msanga. Dufie, wamva?"

Ndinagwada pamatope pomwepo.

"Ndamva, amalume. Tiyeni kumtsinje lero lomwe. Ndiima m'madzi, ndinena zonse. Pokuaa abweretse malata ake aja."

Mitima ya anthu inakhala pansi. Ena anati zikomo, ena anati bola pamenepo. Pokuaa anali atakhala poteropo, maso ali otupa, wopanda mafuta onunkhira, wopanda kansalu koyala pampando. Anayankhula osakweza mawu.

"Malata aja ndinabweza."

"Ugula ena, mwana wanga," anatero amalume.

"Sindigula, amalume."

"Pokuaa!"

"Denga ndi la achemwali. Ananena pamaso panu, ananenanso pamaso pa mtsinje. Ine ndine ndani kuti ndiwalande? Tidikira."

"Tidikira mpaka liti? Amayi ako ali mufiriji!"

"Amayi sakufulumiranso, amalume. Kumene aliko sikudontha."

Mawu amenewo anandilowa ngati mpeni. Ndinakwawa ndi maondo mpaka pamapazi ake, ine mkulu wake, n'kugwira mwendo wake.

"Pokuaa, mng'ono wanga, ndalakwa. Usawasiye amayi kozizira kuja chifukwa cha ine."

"Chifukwa cha inu?" Anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo. "Lero mwadziwa kuti kuzizira kumapweteka? A Kwarteng andiuza zonse, achemwali. Malata makumi awiri ali m'chipinda mwanu. Chipinda chimodzi chokha, tsiku limodzi lokha. Munakana kuti anthu angakusekeni."

Amene sankadziwa anadziwa tsopano.

"Chibale ndi fupa, sichiola," anatero amalume mofatsa. "Madzi akatayika saoleka, Pokuaa. Mukhululukire mkulu wako."

"Bokosi ndigula. Nsalu zowaveka ndigula. Chakudya cha alendo, zoimbira, mipando, utoto wa nyumba, zonse ndi zanga. Koma lata ngakhale limodzi, ayi. Akhale mwezi, akhale chaka, ndilipira firijiyo. Denga ndi la achemwali."

Anachotsa mwendo wake m'manja mwanga pang'onopang'ono, n'kukalowa m'galimoto.

Palibe wachibale amene akanandithandiza, chifukwa mawu anga omwe anatseka njira. Ndinati malata ogulidwa ndi thukuta langa, ndipo panalibe wofuna kuyesa ngati mtsinje umasiyanitsa mphatso ndi thukuta. Zopita kumtsinje zinalibenso ntchito popeza wogula malata ena panalibe. Mafuta aja ndinali nditawapsereza pamoto tsiku lothamangira kuchipatala. Chimene ndinatsala nacho chinali chimodzi.

Ndinapita kwa bambo wina wogula koko, amene kwa zaka ziwiri ankandivutitsa kuti ndimugulitse malo anga a kumtunda. Anandilandira ndi nkhope yachisoni, n'kutchula mtengo wa theka la umene ankanena kale. Ankadziwa kuti ndilibe kolowera. Tinakwera limodzi kukaona malire. Maziko anga anali pomwepo, zipinda zitatu, ndi mulu wa mabuloko amene ndinaumba ndekha atamera ndere. Ndinamupempha kuti andilole kukumba chinangwa changa chikakhwima. Anati aona.

Ku Konongo dola inali itakweranso. Ndalama ya malo anga onse inangokwana malata makumi anayi ndi misomali, n'kutsala ya galimoto yobwerera.

A Kwarteng anabwera ndi anyamata awo atatu Lolemba m'mawa. Sanandilankhule zambiri, anangofunsa kuti ndi anu onsewa, ine ndinati ndi anga. Anakwera. Ndinakhala pamwala pabwalo ndikumva hamala ikulira pamwamba. Lachiwiri dzuwa lisanalowe anatsika, napukuta manja.

"Tamaliza, mayi."

Masiku awiri. Zaka zitatu za kukangana, milungu yonse ija ya mabeseni ndi mapoto, ntchito yake inali ya masiku awiri.

Zotsalazo zinathamanga ngati zili ndi miyendo. Pokuaa anatumiza anthu a utoto, a magalasi, a magetsi. Mmisiri uja ankasowa miyezi itatu ankafika mbandakucha. Abale amene sanaperekepo ngakhale thumba limodzi la simenti amayi ali moyo anabweretsa makatani ndi maluwa apulasitiki. Pakutha pa milungu iwiri nyumba inali itaima yoyera mbee, yokongola kuposa zonse za mumsewu wathu.

Amayi anabwera Lachisanu madzulo. Tinawagoneka pabalaza pa bedi lamkuwa, atavala nsalu yathu yaulemu ya kente ndi mikanda yagolide, ndipo anthu anayamba kulowa pamzere kudzawaona. Loweruka m'mawa tinawaika m'manda. Masana tinakhala pansi pa matenti kutsogolo kwa nyumba, banja lonse pamzere, titavala zofiira ndi zakuda, alendo akudutsa kutigwira chanza. Mnyamata wa chimkuzamawu ankalengeza mayina a opereka chipepeso, ng'oma zikulira pakati.

Ine ndi Pokuaa tinakhala moyandikana, monga mwambo ufunira, koma chichokere tsiku lija tinali tisanalankhulane. Ndinamuona akukodola mnyamata wa chimkuzamawu uja n'kumunong'oneza. Mnyamatayo analetsa ng'oma.

"Abale ndi alongo, tatukulani maso! Taonani denga ili! Banja lati tisaiwale kuthokoza. Denga lonseli, kuyambira uku mpaka uko, lata lililonse, msomali uliwonse, wagula ndi mwana woyamba wa malemu, mayi Dufie! Sanathandizidwe ndi munthu! M'manja mwawo!"

Anthu a m'mudzi anayang'ana pansi. Koma alendo a ku Kumasi, amene anadzaza matenti atatu ndipo sankadziwa kanthu, anaomba m'manja mpaka mbalame zinauluka mumtengo. Ng'oma zinayambanso. Amayi ena anaimirira n'kubwera akuvina, akundikupiza ndi mipango, akutchula dzina langa. Dufie! Dufie! Moyo wanga wonse ndinkafuna kulimva likutchulidwa chonchi pagulu. Linali lokoma ngati mmene ndinkaganizira, ndipo ndinafuna nthaka ing'ambike indimeze. Pokuaa ankayang'ana kutsogolo, misozi ikutsika, osaipukuta.

Mayi wina wachikulire, mnzake wa Pokuaa wa kumsika, anandigwira manja onse awiri. Nkhope yake inali yabwino, yopanda chinyengo.

"Mulungu akudalitseni, mwana wanga. Ana a masiku ano amadya okha, makolo akugona m'mabwinja. Amayi anu anali ndi mwayi. Nyumba yabwino chonchi! Anakhalamo zaka zingati?"

Mayiyo anadikira akumwetulira, manja anga ali m'manja mwake.

"Dzulo," ndinatero. "Analowa dzulo."